Nkhumba ya Ubatizo wa Ramil

Chibadwire mwana wake, Jovelyn ankagona khutu limodzi lili kwa khanda, lina lili ku wailesi. Lachinayi m'mawa ankachapa matewera kuseri kwa nyumba yawo yansungwi, pafupi ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja, pomwe wailesi inalengeza kuti chenjezo la namondwe pachilumba chawo cha Catanduanes lakwera kufika pa nambala 3. Anakweza maso. Kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.

M'khola nkhumba inkadya madeya ake mosatekeseka. Anayamba kuiweta Jovelyn ali ndi pakati, kuti idzawotchedwe yathunthu pa ubatizo wa mwanayo, Ramil, ndipo ubatizowo unali Lamlungu la sabata yomweyo. Ubatizo wopanda nkhumba anthu sauiwala, ndipo salola kuti mwiniwake auiwale.

Mwamuna wake, Nestor, ankapukuta njinga yake yamoto yakangolo kambali, yomwe ankanyamulira anthu kupita kumsika.

"Bambo a Ramil, akuti nambala 3."

"Nambala 3 ya dzuwa? Yanikani matewerawo aume, mayi. Anthu a zanyengowa nkhuku ikangokupiza mapiko amati namondwe."

"Nambalayo sikunena za pano. Ikunena zomwe zili m'njira."

"Anatero mu Julayi. Anateronso mwezi watha. Tinakagona pasimenti kusukulu ngati nsomba zoyanika, mwana n'kubwerako ndi chimfine, nkhumba n'kuwonda chifukwa chokokedwa uku ndi uku. Tinapeza denga lachoka?"

Zinali zoona. Maulendo onse awiriwo namondwe anakhotera kumpoto, n'kuwasiyira kamvula kosakwana n'kutsuka fumbi. Kuyambira pamenepo, pasiteji ya njinga zamoto, mwamuna aliyense wothawira kusukulu ankatchedwa mwana wa giredi 1, popeza othawa ankagonekedwa m'kalasi imeneyo. Nestor dzinalo linamulowa ngati munga.

Lachisanu m'mawa a komiti ya mudzi anadutsa ndi chimkuzamawu, kuuza onse a m'mbali mwa madzi kuti akwere kusukulu ya paphiri. Jovelyn anali atamanga kale katundu: mpunga, mkaka wa mwana, malaya oyera a ubatizo atakulungidwa m'pulasitiki. Sanakangane ndi mwamuna wake. Anangoima pakhomo mwana ali m'manja, maso ali kunyanja, yomwe inali itasanduka mtundu wa phulusa ngakhale mphepo kunalibe.

Nestor anaona kuti mkaziyo sasuntha. Anawakweza panjinga iye ndi mwana. Koma atafika pakhola anaima, natenga chingwe, namangirira nkhumba kumzati.

"Simukuitenga?"

"Ikavutikirenji? Mawa tibwera. Ndaimanga kuti ingasochere."

Anali atapeza njira yosangalatsira mbali zonse. Kwa mkazi wake anali mwamuna womvera, pakuti wakwera kusukulu. Kwa anzake apasiteji anali mwamuna wosaopa mphepo ya pawailesi, ndipo umboni wake unali m'khola. "Ine ndangoperekeza amayiwa, mukudziwa mitima yawo," anawauza podutsa. "Ndikanakhulupirira zimenezi, nkhumba ya ubatizo ndikanaisiya?"

Ulendo wake womaliza tsikulo ananyamula mayi Pacing, mayi wamasiye woyandikana nawo nyumba, amene anakhala m'kangolomo atakumbatira nkhumba yawo yomangidwa miyendo ngati mdzukulu wodwala.

"Amayi, nkhumba yanuyi mwailembetsa giredi yanji?"

"Yomwe ukuphunzira iweyo, mwanawe. Yendetsa."

Mphepo inafika Loweruka kukucha. Sinagogode. Inayamba ndi kusenda malata a chimbudzi cha sukulu, kenako mitengo ya kokonati inagwada mpaka kupsompsona nthaka. M'kalasi anthu anakankhira mabenchi kuchitseko. Jovelyn anakhala pakona, atafungatira Ramil, akuwerenga ndi maso misomali ya padenga imene inkatukuka ndi kubwerera. Nestor nthabwala zinamuthera. Ankangosuzumira pampata wa zenera, kuyang'ana kumunsi kumene kunali mudzi.

Chakumasana zonse zinangoti zii. Dzuwa linatuluka, mbalame zotopa zinatera pabwalo. Mwana aliyense wa pachilumbapo amadziwa kuti limenelo ndi diso la namondwe, ndi kuti mphepo imabweranso kuchokera mbali ina, itakwiya koposa. Nestor naye ankadziwa. Koma pabwalo paja anaona mtsinje utatuluka m'njira yake, ukunyambita makoma a nyumba zakumunsi, ndipo anakumbukira chingwe.

"Ndikangoimasula basi. Ndithamanga."

"Wailesi yati tisatuluke. Yati disoli ndi laling'ono."

"Wailesi yomweyi ndi imene..." Sanamalize. Mawuwo anali atatha mchere. "Mwana wanga abatizidwe ndi chiyani, masamba?"

"Abatizidwe bambo wake ali moyo."

Jovelyn anamugwira malaya ndi dzanja limodzi, lina lili ndi mwana. Dzanja limodzi silikwana kugwira mwamuna. Njinga sikanadutsa, msewu unali utadzaza mapolo a magetsi ndi makuni, choncho anatsika wapansi, akulumpha nthambo. Jovelyn anamutsata ndi maso mpaka anazimirira pafupi ndi manda, amene ali pakati penipeni pa sukulu ndi mudzi. Posakhalitsa dzuwa linazima ngati nyali youziridwa, ndipo mkokomo unamveka kuchokera kumwera.

Theka lachiwiri la namondwe Jovelyn analimva ndi thupi lonse. Sanalire. Ankayamwitsa mwana yemwe sanali ndi njala, n'kumayang'ana chitseko. Mayi Pacing anakhala pambali pake, akumusisita msana.

Lamlungu m'mawa, tsiku la ubatizo, amuna anatsika kukafufuza. Jovelyn anasiya mwana ndi mayi wina m'kalasimo, natsika nawo pamodzi ndi mayi Pacing. Kumanda kuja akufa amaikidwa m'timapanga tasimenti tosanjikizana ngati mashelefu. Pamwamba pa kaphanga ka malemu amuna awo, mayi Pacing anali atamangitsiratu kawo, dzina litalembedwa kale ndi penti, chaka chobadwa chilipo, cha imfa chikudikira. M'kaphanga kameneko munatuluka mapazi awiri opanda nsapato.

Anali Nestor, ndipo anamukoka ali moyo. Mphepo inamupeza asanafike kumudzi, ndipo pobwerera kusukulu lata louluka linamutema phewa mpaka pafupa. Anakwawira m'dzenje loyamba lomwe analiona, nakhala m'menemo akunjenjemera, madzi akumuwomba kumapazi, malaya atawamanga pabala.

Jovelyn anagwada pamatope, namugwira nkhope ndi manja onse awiri. Mayi Pacing anasuzumira m'kaphangako, kenako anayang'ana Nestor.

"Ndiye wandiyesera nyumba, mwanawe. Mukudontha?"

"Pang'ono, amayi," anatero Nestor ndi mawu a munthu wobwerekera mpweya.

"Ndiuza amisiri. Koma ulendo wina uzigogoda, pansipo pali amuna anga."

Nkhumba anaipeza itafa pamzati pomwe Nestor anaimanga, chingwe chitakungika, matope atafika kudenga la khola. Mbuzi ndi nkhumba za anthu ena, zomwe eni ake anangozitsekulira pothawa, zinapezeka pachitunda zikufukula zinangwa. Ya mayi Pacing inali kuseri kwa sukulu, ikudya makoko a nthochi.

Ramil anabatizidwa patapita milungu ingapo, m'tchalitchi chofoleredwa ndi lona, bambo wake dzanja lili m'nsalu yokolekera m'khosi. Alendo anadya mpunga ndi nsomba zam'chitini za chithandizo, ndipo palibe ananyoza, popeza pakhomo lililonse pankaphikidwa zomwezo. Njinga inakhala miyezi osayenda, kudikira phewa.

Pasiteji mkangano sunathe. Ena mpaka lero amati a zanyengo amaopseza anthu mopitirira, ndipo amawerengera maulendo awiri aja amene mphepo sinabwere. Ena amangoloza phewa la Nestor. Jovelyn salowerera, wailesi yake imangokhala yotsegula. Chimene amadziwa n'chakuti amene anakhulupirira chenjezo anakweza zonse kuphiri, ndipo ngakhale ena okanika aja anamasula ziweto n'kukabisala m'nyumba zasimenti za abale awo. Mwamuna wake yekha ndiye anafuna kukhala wamantha kusukulu ndi wolimba mtima kumudzi tsiku limodzi, mphepo n'kumupeza pakati. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.