Maliro a Mwana wa Mwini Bomba

Kalekale, koma ndege zitayamba kale kuuluka, kunali maiko awiri oyandikana, Nsendwe ndi Gwirize. Nsendwe linali dziko laling'ono la alimi a mtedza. Gwirize linali lalikulu, ndipo pansi pa phiri lake lina linkasunga bomba la nyukiliya, lija loti likaphulika mzinda umasanduka phulusa, udzu osameranso. Maiko awiriwa anali pa ubwenzi wa chidzukulu kuyambira makolo: kukagwa maliro aakulu ku Gwirize, okumba manda ankachokera ku Nsendwe, nawonso a ku Gwirize ankabwera kudzaika akuluakulu a ku Nsendwe.

Koma ubwenzi wakewo, abale inu! Mtsogoleri wa Gwirize, Jenerale Chigwenembe, anali munthu woti akakuuza kuti kwacha, uyambe wasuzumira panja. Anabwereka dambo la ku Nsendwe kuti ndege zake ziziterapo chaka chimodzi, dambolo linapitiratu. A ku Nsendwe ankamusekerera pamaso n'kumamutukwana kuseri, poti popanda iye adani a kumpoto akanawameza kalekale.

Tsiku lina mwana wa Jenerale, Tiyese, woyendetsa ndege zankhondo, anagwa ndi ndege pa phiri la ku Nsendwe n'kufera pomwepo. Bamboyo anapenga ndi chisoni. Anatseka malire, analamula kuti bomba litulutsidwe m'dzenje lake, n'kulengeza pa wailesi kuti wina wamuwombera mwana. Akakhala a Nsendwe, bomba ligwa pa Nsendwe. Akakhala a kumpoto, ligwa kumpoto. A ku Nsendwe anaona kuti konseko n'kufa basi, chifukwa mphepo ya mpoto ikanakankhira utsi wakuphawo m'minda yawo. Boma lawo, mantha ali tho, linatuma anthu atatu kuti aperekeze mtembo ndi kukazima mkwiyowo.

Woyamba anali mayi Nasimango, kazembe amene anakhalitsa ku Gwirize. Atafika pamalire anapeza mageti otseka, asilikali akuti Jenerale safuna kuona munthu wa ku Nsendwe, wamoyo kapena wonyamula bokosi. Mayiyo sanataye malovu kukangana nawo. Anavula nsapato zaukazembe, anamanga chitenje, n'kudzera njira ya kumadimba mpaka kumudzi kwa malume ake a Tiyese. Anagwada pakhomo n'kupereka uthenga wa maliro mwamwambo.

"Mwini mbumba ndinu," anatero mayi Nasimango. "Mwana wa mlongo wanu akununkha pamsewu."

Nkhalambayo inanyamuka ndi ndodo yake mpaka kunyumba yaboma. "Alamu," inauza Jenerale, "dziko ndi lanu, koma mwanayu ndi wa kwathu. Tsekulani geti." Ndipo munthu woopedwa ndi maiko anatsekula geti, chifukwa ngakhale mwini bomba ndi mkamwini penapake.

Wachiwiri anali msilikali, Kaputeni Chalendewa, amene anakwera phiri n'kuona zidutswa za ndege ndi maso ake. Pochoka, akuluakulu ake anamunong'oneza kuti akangonena kuti sakudziwa kanthu. Atafika, alangizi a Jenerale anamukokera pambali n'kumuuza kuti akaloze a kumpoto, adzamulemeretsa. Iye anaima pamaso pa Jenerale.

"Bwana, mwana wanu sanamuwombere munthu," anatero Chalendewa. "Kunali chifunga. Nyali za pansanja yathu yochenjeza ndege paphiripo zinali zozima, magetsi anathima. Ngati mukufuna wolakwa, ndi ulesi wathu, osati mfuti ya wina. Tumani anthu anu akaone."

Anawatumadi, ndipo sanapeze bowo la chipolopolo ngakhale limodzi. A kumpoto anapulumuka. Koma Jenerale anangoti, "Ndiye mwamupha ndinu," ndipo bomba linakhalabe panja.

Wachitatu anali Msampha, mkulu wa adzukulu, kamunthu kowonda kokonda kachasu ndi nthabwala zopanda manyazi. Iye ndi anzake anakumba manda okongola ndithu. Bokosi litafika, nyimbo zili mkati, Msampha analumphira m'dzenje n'kukhala pansi, miyendo tambalale. Asilikali anakweza mfuti, koma amayi onse a ku Gwirize anakuwa kuti mdzukulu kumanda sagwiridwa, ndipo mfutizo zinatsika.

"Tuluka," anatero Jenerale. "Ukufuna chiyani? Mbuzi? Ng'ombe?"

"Ng'ombeyo ndikadya ndi ndani ukatiotcha?" anayankha Msampha. "Iwe Chigwenembe, wakalamba koma nzeru ulibe. Mwana wakoyu tamusambitsa ife, tamunyamula ife, nyumba yake tamanga ife. Nanga iweyo tsiku lako likadzafika, adzakuika ndani? Bomba lakolo limadziwa kugwira khasu? Bweza chinthu chako kudzenje, apo ayi kwirirani tonse awiri, ndikamuuze Tiyese kuti bambo ake apha adzukulu."

Jenerale anayang'ana bokosi, anayang'ana kamunthu kali m'dzenje, kenaka anagwa m'manja mwa alamu ake n'kulira ngati mwana. Koma Msampha ankamudziwa munthuyo, misozi siinamunyenge. Anakana kutuluka mpaka lamulo lobweza bomba litamveka pa wailesi, dziko lonse likumva.

Ha, chimwemwe chake ku Nsendwe! Atatuwo anawachingamira pamalire ndi nthungululu, amayi akuyala zitenje pamsewu, anyamata atamunyamula Msampha pamapewa. Ng'oma zinalira mpaka zikopa kung'ambika. Anthu amene anali atatsanzikana kale ndi ana awo anapita kukakumba mtedza akuimba.

Komatu Jenerale sanasanduke mngelo, ndipo bomba lidakali pansi pa phiri lija. Patapita masiku anatumiza foni imodzi yolira kuchipinda kwake kwenikweni, ndi mawu akuti: "Mtima wanga ukadzatenthanso, ndidzamvera munthu mmodzi yekha mwa atatu aja. Sankhani nokha, ine sindilankhula ndi chigulu."

Apa ndiye mpamene panavuta. Ena anati apatsidwe mayi Nasimango, popeza popanda iwo mtembo ukanaolera pageti, ndipo amadziwa khomo loyenera kugogoda. Ena anakana, amvekere malume aja ndi nkhalamba, akadzamwalira mayiyo adzagwada kwa yani? Ena anati Chalendewa, chifukwa wabodza amaopa munthu wonena zoona, koma anzawo anakumbutsa kuti choonadi chake chomwecho chinatembenuzira bomba pa Nsendwe, ndiponso sanamvere akuluakulu ake. Ambiri anafuula dzina la Msampha, mpaka mayi wina anafunsa ngati pakamwa pakepo pangagwire ntchito tsiku lopanda maliro.

Tsono inu mwamva zonse, ndipo ana a ku Nsendwe akugona pafupi ndi phiri limenelo. Mukanakhala inu, foniyo mukanaipereka m'manja mwa yani?