Siling'i ya a Dunstan

Mwezi wa Okutobala ukafika, nyumba ya malata ya a Dunstan ku Thambani inkasanduka uvuni. Tsono atamva kuti akuchimuna akubwera Loweruka kudzafunsira mwana wawo Thandie, anatsimikiza zoika siling'i kuti alendo asadzapse ngati mbatata.

Anabwera ndi mapulayiwudi pa pikapu akuimba mluzu, chimwemwe chodzaza tsaya. Pamwamba pake anati ayalapo makatoni ndi matumba a utuchi kuti kutentha kuzithera komweko.

"Bwanji osaitana kalipentala?" anafunsa akazi awo, a Flossie.

"Wachiyani? Ine zimenezi ndinaziona ku Joni ndi maso angawa!"

Loweruka m'mawa ntchito inali kumapeto. A Dunstan anali m'denga kuyala matumba uku akuimba, mlamu wawo a Laston akukhoma chapansi.

"Alamu, kodi pakonapa tisiye..."

"Khomani basi! Mafunso n'kusukulu."

Poti anauzidwa, a Laston anakhoma mpaka thabwa lomaliza, n'kusamba m'manja, ulendo wa kumsika.

A Dunstan potembenuka anangoona mdima bii, potsikira palibe. Dzuwa linali litafika paliwombo, malata akuthetheka. Asanakuwe, anamva "Odi!" pakhomo. Manyazi anawatseka pakamwa.

"Koma nyumba iyi ikuzizira bwino!" anatero atsibweni a mnyamata wofunsirayo, alendo atakhala pabalaza. "Mmisiri wake ndani?"

M'dengamo a Dunstan, thukuta lili kamukamu, anamwetulira okha mumdima.

"Nanga bambo ali kuti?" anafunsanso atsibweniwo.

"Ali pafupi," anayankha a Flossie, akuponya maso kudenga mwakabisira.

Apo n'kuti utuchi utalowa m'mphuno. A Dunstan analimbana nawo, koma chiyetsemulo chinawagonjetsa. Phazi linaphonya mtanda. Unayamba kutulukira mwendo, kenako munthu yense, khuu! pakati pa alendo, ali mbuu ngati mphale.

Thandie anabisa nkhope m'chitenje, poganiza kuti banja lathera pomwepo.

A Dunstan anadzisasa, n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Takulandirani. Mwayenda bwanji?"

Phwete linayambira kwa atsibweni aja mpaka misozi mbwembwembwe. "Bola ife tayenda pansi, bambo!"

Ukwati unavomeredwa m'kati mwa chiseko, alendo akutola utuchi m'makapu. Ndipo mpaka lero, a Dunstan akadutsa pamsika akutsimphina, akabaza amakodolana: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.