Uvuni wa Abiti Chande

Panali mayi wina ku Balaka, dzina lake Nankhoma, amene ankakhala khoma limodzi ndi mayi wachisilamu, Abiti Chande. Nyumba zinali zalendi, mpanda umodzi, mpopi umodzi. Zaka zisanu ndi zitatu anthu awiriwa sanayambanepo. Ankaitanana achemwali, moti alendo ankayesa ndi a bere limodzi.

Mwamuna wa Nankhoma, amene kale anali khukhi kwa azungu, anadwala miyezi itatu. Anatuluka m'chipatala ataonda ngati bango, ndipo chakudya chinkamukana. Phala akangolawa, watembenukira kukhoma. Tsiku lina ananena motsitsa mawu, "Nankhoma, mtima ukufuna bekoni."

Bekoni, inu amene simunaionepo, ndi nyama ya nkhumba yothira mchere, yodula mopyapyala ngati lamba. Mayiyo anathamangira kusitolo, nabwera kudzaikazinga pambaula. Inapserera m'mbali, pakati ili noninoni mafuta. Wodwala uja anangonunkhiza n'kukankha mbale.

"Imeneyi imafuna uvuni," anatero. "Umaiyala pathireyi osasanjikiza, n'kuilowetsa uvuni usanatenthe. Ukatero uisiye ipse yokha mpaka iume."

Tsono uvuni mumpanda monsemo unali umodzi, wa Abiti Chande, wophikira masikono ogulitsa. Mwini wake anali kumudzi ku maliro a mayi ake. Pochoka anasiya kiyi nati, "Achemwali, muzindidyetsera nkhuku. Sitovu ikafunika musachite kufunsa."

Musandiyang'ane choncho, ndikudziwa zimene mukuganiza. Nankhoma sanali mwana. Ankadziwa bwino lomwe kuti nkhumba silowa m'nyumba imeneyo, ngakhale mbale imene yakhudza nkhumba. Anaima pakhomo nthawi yaitali, kiyi ali m'manja. Kenaka anamva mwamuna wake akutsokomola kuseri kwa khoma. Anatsekula.

Anayala nyama ija monga anamuuzira. Inapsa bwino, yofiirira, yothetheka pakamwa. Bambo aja anadya zidutswa zinayi, napempha tiyi ndi buledi. Nankhoma anatuluka panja kukalira, chifukwa aka kanali koyamba m'milungu iwiri kuona munthuyo akutafuna.

Atapukuta misozi anabwerera ku uvuni. Anakwecha ndi sopo, anakwecha ndi phulusa, anapaka mandimu, natsekula mawindo tsiku lonse. Thireyi inawala kuposa tsiku limene inagulidwa. Fungo linatheratu, ngakhale galu sakanalimva.

Patapita masiku atatu Abiti anabwera, maso ali otupa ndi maliro. Atalowa kukhitchini anaomba m'manja.

"Aa, achemwali! Mpaka kunditsukira uvuni? Mulungu akudalitseni. Mawa ndiphikamo masikono a anthu obwera kudzapempherera amayi."

Dalitso limenelo linamulasa Nankhoma kuposa chitonzo. Anangoti "Zikomo." Akanakhala chete, palibe amene akanadziwa, koma anthu akanadya pa mapemphero a malemu chinthu chimene kwa iwo n'chodetsedwa. Akananena, chinansi cha zaka zisanu ndi zitatu chikanatha kuthera pomwepo, ndipo munthu wosamala matenda akataya mnansi wataya dzanja. Anachita mantha, abale anga. Inunso mukanachita.

M'mawa mwake anapeza Abiti atakanda kale ufa, akudzoza mafuta pathireyi ija. Nankhoma anagwada pakhomo la khitchini.

"Achemwali, musaikemo. Ndinaotcheramo nkhumba."

Ananena zonse, osachotsera, osadzikometsera. Abiti anaika thireyi pansi pang'onopang'ono. Misozi inayamba kutsika.

"M'nyumba mwanga, achemwali? Ine ndikuika mayi anga m'manda? Mwandipweteka. Ndithu mwandipweteka."

Nankhoma anangoyembekezera kuti auzidwe kuti atuluke.

Kenaka Abiti anafunsa, "Nanga bambo anadya?"

"Anadya."

Abiti anapumira m'mwamba. Anadzuka, nazimitsa magetsi a sitovu pakhoma, natuluka panja. Anabwera ndi dothi loyera bwino la kuseri kwa nyumba ndi ndowa ya madzi.

"Sopo wanu uja anachotsa fungo basi," anatero. "Ife zikatere timatsuka kasanu ndi kawiri, ulendo umodzi ndi madzi osakaniza dothi. Mukanakwecha chaka chathunthu, kwa ine ukanakhalabe wodetsedwa. Gwirani ndowa."

Anagwada awiriwo pa uvuni, wina akutsuka, wina akuthira madzi, akuwerengera limodzi. Masikono anachedwa, alendo anamwa tiyi dzuwa lili paliwombo. Sindikunamizani kuti zinatha tsiku lomwelo, ayi. Panapita milungu Abiti asanasekenso ndi mnzake pampopi. Koma sanasiye kumuitana achemwali.

Tsono ndilankhule ndi inu. Ambiri a ife tikalakwira munthu sitichita mwankhanza. Timachita titapanikizika, mwana akudwala, nyumba ili pamoto, ndipo ine sindikuponyerani mwala. Koma tikatero timathamangira kukwecha tokha. Timatumiza ndiwo, timapereka moni wautali, timakhala okoma mtima modabwitsa, n'kumati zayera. Zayera kwa yani? Amene munamulakwira ndiye akudziwa chimene chingayeretse mlanduwo, ndipo sangakuuzeni ngati simunamuuze chimene munachita. Mwina chimene akufuna n'chochepa kuposa chimene mukuopa. Mwinanso n'chowawa, koma n'chokhacho chimene chimagwira ntchito.

Alipo wina amene akukuthokozani lero pa chinthu chimene mukudziwa kuti munaononga. Pitani asanaike masikono.