Ng'oma Imene Inapita Chikole

Kalekale, ana inu, kunali mudzi wina kutsidya kwa mtsinje waukali. Dzinja likafika, odwala ankafera pagombe, mtedza nkumafumbwa m'nkhokwe posowa powolokera kupita kumsika.

Tsiku lina kunabwera mkulu wachuma wa kumtunda, dzina lake Chimbalanga. Kumwetulira kwake ngati mkamwini wofika dzulo!

"Ndikumangirani mlatho," anatero. "Mudzabweza mukadzapeza. Koma ng'oma yanu yoitanira anthu izikhala kwanga ngati chikole."

Anthu anaomba m'manja. Mlatho unamangidwa, wolimba ndithu, ndisaname. Koma maliro akagwa, ulendo kwa Chimbalanga kukapempha ng'oma. Msonkhano ukafunika, ulendo kwa Chimbalanga. Iye nkumafunsa, "Mukakambirana zotani?"

Kenaka Chimbalanga anakangana ndi mudzi wa kunsi chifukwa cha dambo. M'mawa wina ng'oma ija inalira kaliridwe ka nkhondo. Amuna anatola mikondo, poti ng'oma ya kwanu sukana.

Tsono m'mudzimo munali Nasimango, mayi woumba mbiya. Mwana wake Kamwendo anali pachikamwini kumudzi wa kunsiko. Mayiyo anathamanga nkukaima pakati pa mlatho, manja ali dothi lokhalokha.

"Mukukalasa yani? Mwana wanga?"

"Mayi, patukani, ng'oma yalira!"

"Ng'oma ndi yathu, koma manja akuimenyawo ndi a yani?"

Amuna aja anatsitsa mikondo. Wina anati, "Nanga ngongole ija?"

"Ngongole imabwezedwa ndi mtedza, osati ndi mwana wanga!"

Haa, mayi ameneyo anali wolimba chiwindi! Anayamba ndi iye kukokolola nkhokwe yake. Anzake anatsatira. Anasenza, anasenza, anasenza, mbuzi zili pambuyo, mpaka pakhomo pa Chimbalanga.

"Aaa, mayi, mwafulumiriranji?" anatero Chimbalanga. "Si ndife abale? Bwererani nazo, ine sindinakulonjerereni ngongoleyi."

"Bambo, mlatho tikuthokoza. Landirani zanu, mutipatse zathu."

Chimbalanga anakana. Amayi anakhala pansi. Dzuwa linalowa, amayi ali pompo. Linatuluka, amayi ali pompo, mbuzi zikudya ndiwo m'dimba la mwini khomo. Odutsa m'njira anayamba kufunsana, "Kodi munthu amakana bwanji kubwezeredwa zake?" Manyazi anamugwira mkulu uja.

"Tengani ching'oma chanucho!"

Chaka chimenecho njala inawakwapula, ana inu. Anadya mpama, anadya madeya. Nasimango anaonda mpaka mkanda unkalendewera m'khosi, ndipo ena ankamunyogodola poyera. Koma mkondo sunalase munthu, ndipo mvula itagwanso, Kamwendo anabwera kudzalimira mayi ake ali wamoyo, ndi miyendo yake iwiri.

Nthano yanga yagonera pamenepo, kaphuleni mbatata zisanapserere. Wokongoza amene sakufuna kubwezeredwa, akufuna iweyo.