Tsiku Limene Mwatitha Anamasula Mbereko

"Kuphiri kuno mwana satsika kumsana. Wamva, Mwatitha?"

Anatero a Nankhoma akumanga mbereko pachifuwa pa mwana wawo wamkazi. Inali nyengo ya masuku, ndipo banja lonse linalawirira kuphiri ndi madengu kukatola. Kumsana kwa Mwatitha kunali mlongo wake Lonjezo, khanda longoyamba kumene kukhala.

"Ndamva, amayi."

"Kaya akulemere, kaya akukodzere, usamutsitse. Kuli anyani uku."

Bambo ake nawo anaikapo mawu: "Ndipo nyani saopa mtsikana. Thanthwe lalikulu lija usalipitirire."

"Ndamva, ababa."

Koma Mwatitha kumva kwake kunali kwapakamwa, makutu anali ongokongoletsa mutu. Chaka chimenecho ndi pamene anayamba kumudalira kulera mwana, ndipo m'mudzi ankayenda monyada ngati mwini nyumba.

Paja masuku sathyola, amatola ogwa okha. Ndiye tangoganizani kuwerama uli ndi chimwana chonenepa kumsana. Madengu a abale ake ankadzaza, iye asanatole ngakhale odzaza manja, ndipo mtima unamuwawa. Atasuzumira kuseri kwa thanthwe lija, anaona masuku akupsa ali mbwee pansi, opanda wowatola.

"Mwatitha, uli kuti?" anaitana mayi ake.

"Ndili pompano, amayi."

"Mwana ali kumsana?"

"Ali kumsana."

Pamene ankayankha choncho n'kuti zala zikumasula mfundo. Anakhazika Lonjezo pamthunzi, mbereko n'kuisandutsa thumba. Anatola, nasendera. Anatolanso, nasenderanso, osacheuka. Kenako phiri lonse linangoti zii, ngakhale mbalame zinaleka kulira.

Mwatitha anacheuka. Pamthunzi paja panali patakhala nyani wamkazi wamkulu, atakumbatira Lonjezo pachifuwa, akumufufuza m'mutu ngati mwana wake. Pamwamba pa thanthwe panali anyani ena, mano ali pamtunda. Kumbuyo kwawo kunali phompho.

Pamene Mwatitha amati akuwe, dzanja linamutseka pakamwa. Anali mayi ake, amene mayankho aja sanawakhulupirire.

"Ukakuwa athawa naye," ananong'ona. "Khala pansi. Usamuyang'ane m'maso."

A Nankhoma anamulanda mbereko ija, nakhuthulira masuku onse kotsetsereka. Anyani a pathanthwe anatsika molimbirana. Koma wamkazi uja sanasunthe. Anayang'ana masuku, nayang'ana mwana. Lonjezo anayamba kulira. Nyani anaimirira naye, nasendera chakuphompho, ndipo Mwatitha analuma dzanja lake mpaka magazi. Nyani anaima, nayang'ananso anzake akutha masuku. Pamapeto pake anamusiya mwanayo paudzu, nathamangira komweko.

Mwatitha ankayembekezera mbama, ndipo akanailandira ndi manja awiri. Koma a Nankhoma sanamukhudze. Anakutumula mbereko, nabereka mwana okha, dengu n'kusenza pamutu.

"Amayi, bweretsani ndimubereke," anatero Mwatitha.

"Ayi mwanangu. Mbereko yako ndi ya masuku."

Potsika anakumana ndi amayi a m'mudzi akukwera kukatola nawo.

"A Nankhoma, mwana kumsana, dengu pamutu, nanga mlezi uja akuyenderanji chimanjamanja?"

"Watopa," anangoyankha choncho.

Bodza lomubisira limenelo linamupweteka Mwatitha kuposa mkwapulo. Manyazi anamugwira moti anakhumba nthaka itang'ambika kuti alowemo. Njira yonse anayenda pambuyo, maso ali pansi, mphepo ikumuwomba kumsana kumene kunazolowera kufunda kwa mwana.

Tsono inu ana, akakumangani mbereko dziwani kuti akusungitsani moyo wa munthu. Akati musamasule, musamasule, ngakhale masuku atakhala okoma bwanji. Masuku amagwanso chaka chamawa, koma Lonjezo akanatsikira kuphompho kuja sakanabweranso.