Mbalame ya a Zidutswa

M'kashopu kosindikizira mapepala kaja munkanunkha inki ndi guluu chaka chonse. Mwini wake anali bambo wamfupi, woseka ndi mapewa, amene msewu wonse unkawatcha a Zidutswa chifukwa sankataya ngakhale kachidutswa ka pepala. Sukulu zikatsekera tchuthi cha kumapeto kwa chaka, ana ankaunjikana pakhomo, iwo n'kumawapindira nyenyezi, timabwato, ndi kambalame kamene ukakakoka mchira kankakupiza mapiko. Ana amenewo lero ndi makolo a imvi, koma ukawakumbutsa za mbalameyo maso awo amawalabe.

A Zidutswa atakalamba, shopu inatsala m'manja mwa mwana wawo wamkazi. Anthu ankamutcha Changu, poti ankayenda ngati wasiya mkaka pamoto. Chaka china Changu anaganiza zosindikiza kabuku kogulitsa patchuthi. Makina anali ndi sabata imodzi yokha yopanda ntchito za makasitomala, choncho kabukuko kanayenera kukhala kamodzi basi. Mitu inalipo iwiri: malo khumi okongola okachezako patchuthi, kapena kapindidwe ka mapepala ka bambo ake.

"Jambula manja angawa, mwanawe," anatero mkuluyo atakhala pampando wawo pafupi ndi zenera. "Mbalameyi imapindidwa kakhumi ndi kawiri. Pakamwa sindingathe kufotokoza, zonse zili m'zalamu."

"Bambo, ndani angagule buku la zinyalala? Anthu masiku ano akufuna kokayenda. Zanuzo tidzachita chaka chamawa. Manjawo akuthawira kuti?"

"Mahotela ukulembawo unagonako?"

"Zonse zili pa intaneti, bambo."

"Ndiye ogulawo intanetiyo alibe?" Anaseka, mapewa ali gwedegwede, koma sanaumirire.

Kabuku ka malo okongola kanatuluka konyezimira, ka mitundu inayi, kachikuto kolimba. Anthu ankakatsegula, kuyamikira zithunzi, n'kukabweza pomwepo. Amene anabwera ndi cholinga anali amayi otopa ndi phokoso la ana m'nyumba.

"Achemwali, mulibe kabuku ka zopindapinda za bambo anu zija? Ine ndinaiwala, ndipo ana andilemera."

Tsiku lina anthu asanu ndi awiri anafunsa za kabukuko. Changu anauza aliyense kuti chaka chamawa kadzakhalapo. Akanatha kuyamba kujambula tsiku lomwelo, poti foni inali m'thumba ndipo manja aja anali pazenera pomwepo. Koma panali makalendala oti amalize, kenako makadi aukwati, kenako mabuku a sukulu.

Mvula isanathe, a Zidutswa anagwa m'bafa. Anabwerako kuchipatala ali moyo, koma sitiroko inawalanda dzanja lamanja ndi theka la mawu.

Tchuthi china chitayandikira, Changu anakwera pampando n'kutsitsa mbalame yotsiriza imene inatsala pamwamba pa kabati. Inali yofumbira, yachikasu ndi ukalamba. Anaganiza zoimasula pang'onopang'ono kuti atsatire mizere yake. Anamasula kamodzi, kawiri, mpaka kasanu ndi katatu. Pepala linali litauma ngati tsamba, ndipo linang'ambika pamsana penipeni, pomwe panali chinsinsi cha mapiko.

Sabata yonse anapinda mbalame, zokwana makumi anayi. Zina zinkaoneka bwino ndithu, mlomo ndi mchira zili m'malo mwake. Anatenga yooneka bwino koposa n'kupita nayo kwa bambo ake. Mkuluyo anaigwira ndi dzanja lamanzere, nakoka mchira ndi mano. Mapiko anangoti chete.

"Ndionetseni, bambo. Chonde. Ndalakwitsa pati?"

A Zidutswa anayang'ana dzanja lawo lamanja lili ndwii pamwendo, ngati mlendo amene wakana kuyankha moni. Milomo inayesa kunena kanthu, koma sizinamveke. Kenako anaseka ndi phewa limodzi, misozi ikutsika. Changu anagwada pansi n'kulira ngati mwana, pakuti anadziwa kuti mbalameyo yapita ndithu.

Kashopu kaja kalipobe. Mabuku a malo okongola anathera poikira mwendo wa tebulo ndi kukulungira zinthu. Sukulu zikatsekera, makolo amadutsa ndi ana awo n'kuloza pazenera, kuwauza za mbalame ya pepala imene inkakupiza mapiko. Anawo sakhulupirira. Changu amamva zonsezo ali kuseri kwa makina, ndipo sadzutsa mutu. Akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.