Mabawo Osagulika a Twaha

Twaha Mkwepu anafika kwa Shehe Uladi Mpango Lachiwiri m'mawa, nkhope ili ndwii ngati munthu wodzasuma mlandu. Anawapeza pakhonde akusoka mkeka wa mumzikiti umene unang'ambika m'mphepete. Shehewo anali ophunzira kwambiri, koma ntchito zotere sankatuma nazo munthu.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, a Twaha. Khalani apa. Mayi adzuka bwanji?"

"Miyendo ikadali yotupa. Ine ndabwera kudzatsanzika. Loweruka ndigulitsa zosemera zanga zonse, ndikwere basi ya ku Joni."

Twaha anali wosema pamsewu wa ku Liwonde, pamalo pamene magalimoto a alendo okaona njovu amaima kanthawi. Anzake onse ankasema ziboliboli za njovu ndi mvuu. Iye, posafuna kusema zamoyo chifukwa cha chipembedzo chake, anayamba kupanga mabawo a mlombwa opinda pakati, oti alowe m'chikwama. Chaka choyamba alendo ankachita kulimbirana, ndipo Twaha anayamba kuyenda monyang'wa, moni n'kumayankha ndi chibwano. Chaka chachiwiri mashedi onse anadzaza mabawo. Mtengo unagwa mpaka bawo losema sabata yathunthu linkapita pamtengo wa nkhuku. Tsopano ulendo wa ku Joni unkatanthauza kusiya mayi ake odwala opanda wowayang'anira, ndipo zimenezi zinkamuwawa kwambiri.

"Koma ndisanapite ndikupempha duwa imodzi, pemphero limodzi lokha," anatero Twaha. "Anthu aja andilanda riziki langa, chakudya chimene Allah anandilembera. Pempherani kuti mabawo awo adyedwe ndi chiswe."

Shehe anakoka ulusi n'kuudula ndi mano.

"Galimoto ikaima, amatsika alendo angati?"

"Khumi. Zikakoma, khumi ndi awiri."

"Nanga mabawo pamsewupo alipo angati?"

"Osachepera makumi asanu ndi limodzi."

"Ndiye chiswe chitadya theka, otsalawo adzachulukabe kuposa alendo. Duwa imeneyo tingovutitsa nayo chiswe."

Twaha sanaseke. Shehe anafunsanso modekha: "Mlendo akanyamula bawo, amanena chiyani?"

"Amafunsa kaseweredwe kake."

"Inu mumamuyankha?"

"Nthawi yake iti, Shehe? Ukangoti utsegule pakamwa, mnzako wamukoka kale n'kumutsitsira mtengo."

"Tikaswali Zuhuri, mundiperekeze kumeneko."

Ataswali swala ya masanayo, anayenda wapansi mpaka pamsewu. Twaha ankaganiza kuti Shehe akukadzudzula anzake aja, ndipo mumtima anali atayamba kale kusangalala. Koma Shehe anapereka moni shedi ndi shedi, kufunsa za ana, kenaka anakakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kupempha Twaha bawo limodzi ndi njere zake.

"Shehe, inu kusewera bawo?"

"Popanda kubetcha, ndiponso nthawi ya swala isatidutse. Yambani ndinu."

Ali mkati mosewera, galimoto ya alendo inaima. Osema onse anathamangirako, aliyense bawo lili m'mwamba, akukuwa mitengo. Twaha anadzuka kuti athamange nawo, koma Shehe anamugwira malaya.

"Simunamalize kutakata njere zanu. Khalani pansi."

Anakhala, thukuta lili kamukamu, akuona alendo akuzingidwa ndi anzake. Alendowo, atatopa ndi kukokedwa uku ndi uku, anathawira mumthunzi. Mayi wina wachizungu, wa imvi, anaima n'kumayang'ana njere zikugwera m'maenje. Shehe, amene Chingerezi chawo chinkathera pa moni, anasuntha n'kumulozera malo awo. Mayiyo anakhala.

Apa Twaha anatulukira poyera. Ndi Chingerezi chake chothyokathyoka, komanso manja, anamuonetsa kufesa njere, kubwerera, ndi kudya za mnzako. Mayi uja atadya njere zake zoyamba anakuwa ngati wagoletsa chigoli, ndipo anzake onse anaunjikana. Mabawo ena atatu a Twaha anatsegulidwa. Dalaivala anaimba hutala kawiri, kachitatu anazimitsa injini n'kubwera kudzathandiza kumasulira. Ponyamuka, alendo anayi anagula mabawo amene anaphunzirirapo, ndipo panalibe amene ananenerera. Mayi wa imviyo anapempha kuti pobwerera mawa lake adzamupeze Twaha pomwepo, kuti adzamugonjetse.

Twaha anaima pamsewu akuseka yekha, misozi ili m'maso. Za ku Joni zinathera pomwepo. Loweruka adzakhala akusema, ndipo madzulo adzakhala akuthowa miyendo ya mayi ake.

"Alhamdulillah!" anatero pobwerera pansi pa mango. "Shehe, lero ndapambana onsewa!"

Kenaka anacheuka. Osema anzake anali atayima chapatali, akuyang'anitsitsa, wina atayamba kale kusesa pansi pa mtengo wa pafupi ndi shedi yake. Nkhope ya Twaha inasinthanso.

"Mwawaona? Mawa onsewa ayamba kuphunzitsa. Ndiuzeni njira yoti ndibisire luso limeneli."

Shehe anabweza njere m'kathumba imodziimodzi, n'kuyankha:

"A Twaha, dzulo munali anthu makumi awiri ogulitsa chinthu chimodzi kwa alendo khumi othamanga, ndiye mlendo ndiye ankatchula mtengo. Lero mwapereka chimene chinkasowa, ndipo palibe amene wakutsitsani. Musabise. Mlendo wophunzira amafuna wina wosewera naye, ndipo akafika kwawo amauza anzake. Mitengo yonseyi ikakhala ndi aphunzitsi, galimoto imene inkaima mphindi khumi iziima ola lathunthu, ndipo oyendetsa ena azikhotera kuno dala. Pamenepo agula mabawo, agula zitumbuwa za amayi awo, amwa tiyi. Inu munafuna kuti ndipemphe Allah achepetse anzanu. Ine ndipempha kuti achulukitse alendo, chifukwa duwa imeneyo osema onse pamsewu uno atha kuyankhira amina, pamodzi ndi inu."